Zolemba za Ntchito: Kyubu ya Miyeso Inayi, ya Thabwa ndi ya Pakompyuta

Febuluwale, sabata yachitatu

Sukulu zatsegulidwa, ndipo kagulu kathu ka masamu, kamene kamakumana Loweruka lililonse m'mawa kuno ku Ulónguè m'boma la Angónia, kagwirizana za ntchito ya chaka chino. Tikufuna kupanga ndi manja athu kyubu yopotoza ya miyeso inayi, ya mtundu wa 2×2×2×2 (zigawo ziwiri pa muyeso uliwonse), ndipo ikatha tiiyerekeze ndi inzake ya pakompyuta mpaka titakhutira kuti ziwirizi ndi chinthu chimodzi. M'kagulumu muli ophunzira 7 ndi ine mphunzitsi wawo. Ngakhale m'kalasi timaphunzitsa m'Chipwitikizi, zolembazi ndizilemba m'Chichewa, chifukwa ndaona kuti nkhani ikafika povuta ana amasiya Chipwitikizi n'kuyamba kukangana m'chinenero cha kunyumba, ndipo kumvetsa kwenikweni kumabwera nthawi imeneyo.

Kyubu wamba, imene Ernő Rubik anaipanga ku Budapest mu 1974, ili ndi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, ndipo malire ake ndi nkhope 6 zathyathyathya. Tikawonjezera muyeso wachinayi, malirewo sakhalanso athyathyathya, koma aliyense amasanduka kyubu yathunthu, ndipo amakhalapo 8. Ophunzira anakana kuwatchula nkhope. Mtsikana wina wa kalasi ya 11 anati, "Aphunzitsi, nkhope timaionera kunja, koma ichi chili ndi mkati, ndiye ndi chipinda." Tatenga mawu amenewo. Kyubu ya miyeso inayi, imene Charles Howard Hinton anaipatsa dzina lakuti tesseract mu 1888, ili ndi zipinda 8, nkhope zathyathyathya 24, mizere ya m'mphepete 32 ndi ngodya 16.

Pofuna kuti zimenezi zisangokhala manambala a pabolodi, tinapinda waya n'kupanga kyubu ya mafupa okhaokha, kenako tinatseka mawindo ndi kuiwalitsa ndi tochi ya foni. Pakhoma panaoneka sikweya yaing'ono mkati mwa sikweya yaikulu, ndipo zinayi zapakati zinaoneka zopendekeka ngakhale pawayapo zonse zinali zofanana. Titazunguza wayayo, sikweya yamkati inatuluka kunja ndipo yakunja inalowa mkati. Ndinawauza kuti zonse zimene tidzaone pakompyuta zidzakhala za mtundu womwewu, kuti ndi chithunzithunzi cha chinthu chimene maso athu sangachione chonse nthawi imodzi.

Marichi, sabata yachiwiri

Taika mapulogalamu awiri pa laputopu yanga. Yoyamba ndi Magic Cube 4D, imene Don Hatch ndi Melinda Green anayamba kuilemba mu 1988, ndipo ya masiku ano imafuna pulogalamu ina yotchedwa Java kuti iyende. Yachiwiri ndi Hyperspeedcube, ya Andrew Farkas, imene ndi yatsopano kwambiri ndipo imalola kupotoza ndi mabatani a kiyibodi komanso kubisa tizidutswa timene munthu sakutifuna pa nthawiyo. Zonse ziwiri ndi zaulere, ndipo mukazikopera kamodzi sizifunanso intaneti, zimene kwa ife ndi nkhani yaikulu chifukwa ndalama ya mamega imachokera m'thumba mwanga.

Tinayamba ndi 3×3×3×3 kuti tione kapangidwe kake. Pa sikirini pamaoneka zipinda 7, chimodzi pakati ndipo 6 zitachizungulira, pamene chachisanu ndi chitatu sachionetsa, chifukwa m'chithunzithunzicho chikanakuta zinzake zonse monga mmene sikweya yaikulu ija inazungulirira zinzake pakhoma. Chipinda chilichonse chili ndi timabokosi 27 ta mtundu umodzi, ndipo tonse pamodzi ndi 216. Mu Magic Cube 4D, mukadina kabokosi ka pakati pa nkhope ya chipinda, chipindacho chimazungulira madigiri 90. Mukadina ka m'mphepete chimazungulira 180. Mukadina ka pangodya chimazungulira 120. Choncho chipinda chimodzi chikhoza kukhala m'njira 24, monga kyubu imene mwaitola patebulo n'kuibwezapo mwa njira ina iliyonse.

Vuto lalikulu laonekera lero lomwe, ndipo ndikuganiza kuti ndilo chifukwa chenicheni chopangira ya thabwa. Timabokosi 216 tija si tizidutswa ta kyubuyo, koma ndi mitundu chabe, monga timapepala tomata pa kyubu wamba. Tizidutswa tenitenito tilipo 80: ta mtundu umodzi 8, ta mitundu iwiri 24, ta mitundu itatu 32, ndi ta mitundu inayi 16. Kachidutswa ka mitundu inayi kamaoneka pa sikirini ngati timabokosi tinayi tosiyana, tokhala m'zipinda zinayi zotalikirana, ndipo nthawi zina kamodzi mwa ito kamakhala m'chipinda chobisika chija. Ophunzira anga ambiri akulephera kukhulupirira kuti tinayito ndi chinthu chimodzi chimene sichingapatukane. Amamva ndikanena, amagwedeza mutu, koma akagwira mbewa ya kompyuta amathamangitsa mtundu umodzi wokha ngati kuti ungayende paokha.

Marichi, sabata yachinayi

Tawerengera kukula kwa ntchitoyi. Kyubu wamba ingasokonezeke m'njira zoposa 43 zotsatiridwa ndi maziro 18, imene ndi nambala ya madijiti 20. Ya 3×3×3×3 nambala yake ili ndi madijiti 121. Ya 2×2×2×2, imene tikupanga, ili ndi tizidutswa 16 tokha, tonse ta pangodya, koma nambala yake ili ndi madijiti 28, kutanthauza kuti ngakhale yaing'onoyi imaposa kutali kyubu wamba.

Epulo, sabata yoyamba

Kapangidwe kamene tikutsatira ndi ka Melinda Green, amene mu 2017 anapanga 2×2×2×2 yogwirika ndi manja. Ndi tizipika 16 tofanana, tosanjidwa tiwiri m'lifupi, tiwiri msinkhu ndi tinayi m'litali, togwirana ndi maginito popanda chitsulo chilichonse chapakati. Theka lakumanzere, la tizipika 8, ndi chipinda chimodzi, ndipo theka lakumanja ndi chipinda choyang'anizana nacho.

Ndinapita kwa mmisiri wa matabwa amene amagwira ntchito kufupi ndi msika, nditatenga chojambula. Poyamba ndinapempha paini chifukwa ndi wotsika mtengo, koma bamboyo anakana. Anatola kachidutswa ka paini pansi, n'kukakanikiza ndi chikhadabo, ndipo panatsala chizindikiro. "Aphunzitsi, mukufuna mabowo 24 pa kanthu ka masentimita 3, ndiye paini ang'ambika musanafike pa bowo lachisanu. Komanso mvula sinathe, thabwa likadali ndi madzi, ndipo pofika Juni tizipika tanu tidzakhala titapindika." Anandipatsa zotsala za mlombwa wouma, umene ena kuno amautcha umbila, zimene zinatsala popanga chitseko. Tinagwirizana kuti adule 20, kuti 4 tikhale topatula.

Ndinakhala naye mpaka masana ndikuona mmene amagwirira. Sanadule kachipika kamodzikamodzi, koma anayamba wapala thabwa lalitali ndi pulena mpaka mbali zake zonse zinafika masentimita 3, akuyeza ndi sikweya yachitsulo pang'onopang'ono, ndipo atatero anakhomera kathabwa kotchinga pabenchi kuti sowo izidula pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Atatha anasanja tizipika tinayi mumzere n'kuyendetsa chala pamwamba, maso ali chitsinzinire, ndipo tiwiri anatibweza ku sandipepa. Ine sindinaone kusiyana kulikonse, koma chala chake chinakumva.

Epulo, sabata yachinayi

Palibe chimene chayenda. Maginito amene ndinaitanitsa sanafike, ndipo wogulitsa akungoti mawa.

Meyi, sabata yachitatu

Maginito afika mumzinda wa Tete, ndipo ndinakawatenga ndekha pa chapa (minibasi), kudzera ku Moatize mpaka kuwoloka Zambezi. Ndi timaginito tamphamvu tozungulira, ta mamilimita 3, ndipo tikufunika 384, popeza kachipika kalikonse kali ndi nkhope 6 ndipo nkhope iliyonse imalandira tinayi. Nditawerenga kunyumba ndinapeza kuti wogulitsa anapereka ochepa kuposa amene ndinalipira, koma mwamwayi ndinali nditaitanitsa oposa ofunika, moti akwanabe.

Ndilemba bwinobwino za kaikidwe ka maginito, chifukwa tinatha Loweruka awiri tikukangana za iko, ndipo yankho lake ndi masamu okoma kwambiri amene tapeza kufikira lero. Kyubu ya miyeso itatu ili ndi ngodya 8, koma pa kachipika kathu ngodya zinayi zokha ndizo zimalandira mtundu, molumphalumpha, kotero kuti palibe ngodya ziwiri za mtundu zimene zili pa mzere umodzi wa m'mphepete. Mtundu uliwonse umafalikira theka la nkhope zitatu zimene zakumana pa ngodya yake, ndipo nkhope iliyonse imakhala ndi mitundu iwiri yogawana mopingasa. Kachipika kangathe kukhala pamalo pake m'njira 24, koma njira 12 zokha ndizo zimabweza ngodya za mtundu pamalo a ngodya za mtundu. Zimenezi zikugwirizana ndendende ndi kachidutswa ka pangodya ka miyeso inayi, kamene kalinso ndi njira 12 zokhalira. Apa ndi pamene ndinaona kuti kapangidweka si kongoyerekeza chabe.

Tsono maginito, amene ali ndi mbali ziwiri zotchedwa N ndi S, ayenera kukoka pa njira 12 zololedwa ndi kukana pa 12 zinazo. Mnyamata wina wa kalasi ya 12 ndiye anapeza njira yake, atadula timapepala tiwiri n'kumatiyang'anitsa monga zikhatho ziwiri. Mukayang'ana nkhope ya kachipika mwakuti ngodya za mtundu zili kumanzere pansi ndi kumanja pamwamba, maginito a m'mwamba ndi m'munsi aloze mbali ya N kunja, ndipo a kumanzere ndi kumanja aloze mbali ya S kunja. Nkhope zonse 96 zimaikidwa chimodzimodzi. Nkhope ziwiri zikakumana ngodya zawo za mtundu zitagundana, N amakumana ndi S ndipo zimagwirana. Mukazunguza kamodzi madigiri 90, N amakumana ndi N ndipo kachipika kamadumpha m'manja. Titayesa pa tizipika tiwiri topatula n'kumva kukana kumeneko m'zala, m'kalasi munamveka phokoso limene linabweretsa mlonda pakhomo.

Juni, sabata yoyamba

Kuboola kwatha. Mmisiri anatipangira kachitsulo kokhala ndi mabowo anayi kuti kaziika pamwamba pa nkhope iliyonse, ndipo anamanga tepi pa nsonga ya chobowolera kuti mabowo asapitirire kuya. Kumata tinachita tokha ndi guluu wouma msanga. Tinapaka inki yofiira pa mbali ya N ya maginito onse tisanayambe, ndipo munthu mmodzi amamata, wina n'kumayesa nkhope iliyonse ndi kachipika ka chitsanzo guluu asanaume. Ngakhale tinasamala chotero, maginito 5 analowa chozondoka, ndipo awiri mwa iwo tinawazindikira guluu atagwira kale, moti tinachita kuwagoba ndi nsonga ya mpeni. Kuzizira kwa ku Angónia mwezi uno kunatichedwetsanso, chifukwa m'mawa zala zimauma ndipo kanthu ka mamilimita 3 sikagwirika.

Juni, sabata yachitatu

Mitundu 8 taigawa iwiriiwiri moyang'anizana: woyera ndi wachikasu, wofiira ndi wa lalanje, wobiriwira ndi wabuluu, wa pinki ndi wa pepo. Kachipika kalikonse kamatenga mtundu umodzi pa gulu lililonse mwa magulu anayiwa, ndipo 2×2×2×2 ndi 16, kutanthauza kuti palibe tizipika tiwiri tofanana. Kyubu ikakhala yolongosoka, pakati pa nkhope iliyonse ya theka pamaoneka kachigamba ka mtundu umodzi kopangidwa ndi tizipika tinayi, pamene ngodya zakunja za theka lakumanzere zimaonetsa pinki ndipo za theka lakumanja zimaonetsa pepo. Mtundu wina umabisika pakati pomwe matheka awiri agundana, ndipo mnzake woyang'anizana nawo umaoneka kunsonga zonse ziwiri.

Pano ndinalakwitsa ine. Pofuna kufulumira, ndinagawa tizipika kuti aliyense apente tiwiri kunyumba, nditamulembera mitundu inayi ya kachipika kalikonse, koma sindinalembe dongosolo la mmene mitunduyo iyenera kutsatirana pozungulira. Titasonkhanitsa, tizipika 7 tinakana kukhala bwino. Tinali ndi mitundu yoyenera, koma tikalunjikitsa iwiri, iwiri inayo imakhala itasinthana, ndipo panalibe njira mwa 12 zija imene imakonza zimenezi. Tinali titapenta chithunzi cha pagalasi cha kachipika koyenera, monga nsapato ya kumanzere pa phazi la kumanja. Sabata yonse inatha ndi kupala penti. Ulendo wachiwiri tinayamba tasanja tizipika tonse 16 pamodzi, n'kulemba ndi pensulo dzina la mtundu pa ngodya iliyonse zili chisanjikire, kenako n'kumapenta.

Cholakwachi chinandipweteka, koma chinaphunzitsa ana chinthu chimene ndinalephera kufotokoza mu Marichi. Mtsikana uja wa mawu akuti chipinda anatenga kachipika kolakwika, n'kukazunguza m'manja kwa nthawi yaitali, ndipo anati tsopano waona kuti mitundu inayi ija ndi thupi limodzi, ndiponso kuti ili ndi dongosolo lake limene silisintha ngakhale kachipika kapite kuti. Atabwerera pa laputopu anayamba kufufuza timabokosi tinayi pamodzi m'malo mothamangitsa kamodzi.

Julayi, sabata yoyamba

Kyubu yatha, ndipo tsopano tayamba gawo limene ndimaliona kuti ndilo mtima wa ntchitoyi. Pakompyuta munthu sangaphwanye lamulo, chifukwa pulogalamu simalola kupotoza kumene kulibe m'miyeso inayi. Thabwa lilibe chitetezo chotero. Maginito amangoletsa kachipika kukhala mopendekeka, koma saletsa dzanja kuchotsa tizipika titatu n'kutiika kwina, kapena kupotoza gawo limene siliyenera kupotozedwa. Ngati manja achita chimene pulogalamu singachite, ndiye kuti chimene tagwira ndi tizipika ta maginito chabe, osati kyubu ya miyeso inayi. N'chifukwa chake anthu amene amasewera kyubu ya Melinda Green anagwirizana za kapotozedwe kololedwa, ndipo ife sitinafune kungokalandira, koma kukatsimikiza tokha kamodzikamodzi.

Timachita motere. Wophunzira mmodzi amakhala pa laputopu ndi 2×2×2×2 ya mu Hyperspeedcube, wina amagwira ya thabwa, ndipo wachitatu amakhala ndi kope lokhala ndi mizere 16. Wathabwa akapotoza, wapakompyuta amafufuza kupotoza kumodzi kumene kungafanane nako, ndipo walembi amafunsa kachipika kalikonse potchula mitundu yake: kali pati, ndipo mtundu uliwonse waloza chipinda chiti. Mizere yonse 16 ikagwirizana, kapotozedweko timakalemba kuti katsimikizika.

Tatsimikiza mitundu itatu ya kapotozedwe. Woyamba ndi kuchotsa theka lonse la tizipika 8, kulizunguza mwa njira iliyonse mwa 24, n'kulibwezera, ndipo uku ndiko kupotoza chipinda chakumanzere kapena chakumanja. Wachiwiri ndi kugwira tizipika 8 tapakati n'kutizunguza madigiri 90 motsata m'litali mwa kyubu, kumene ndi kupotoza chipinda cha mtundu wobisika uja. Wachitatu ndi kunyamula gawo lonse lapamwamba, la tizipika tiwiri m'lifupi ndi tinayi m'litali, n'kulizunguza madigiri 180 lili chigonere. Gawo limeneli silingazungulire madigiri 90 chifukwa si sikweya, ndipo apa ndi pamene thabwa likuchepera pulogalamu: zipinda ziwiri zokha ndizo zili ndi ufulu wonse, pamene zinazo zapanikizika ndi miyeso itatu ya dziko lathu.

Tatsimikizanso choletsedwa chimodzi, ndipo ndicho chimene dzanja lozolowera kyubu wamba limachilakalaka kwambiri, kupotoza tizipika tinayi ta kunsonga tokha madigiri 90. Wapakompyuta anafufuza kwa theka la ola osapeza chofanana nacho. Chifukwa chake tinachipeza powerenga. Kuzunguza tizipika tinayi malo amodzi kuli ngati kusinthanitsa tiwiritiwiri katatu, pamene kupotoza kulikonse kololedwa kumakhala kusinthanitsa kanayi kapena kasanu ndi kamodzi, nambala zogawika ndi 2. Ngakhale mutaphatikiza nambala zotere kangati, simungapeze nambala yosagawika ndi 2, choncho munthu akapotoza molakwa kamodzi kokha, kyubuyo singalongosokenso ndi kapotozedwe kololedwa. Tagwirizana kuti amene walakwitsa azinena nthawi yomweyo, chifukwa kubisa kumawonongetsa maola a anzake.

Julayi, sabata yachitatu

Sabata ziwiri zatha pa chinthu chimodzi chotchedwa gyro. Pakompyuta n'kosavuta kutembenuza kyubu yonse kuti chipinda china chibwere pakati, ndipo kutero sikusokoneza kanthu. Pa thabwa, kutembenuza kotero ndiko kokha kumene kungachotse pinki ndi pepo pa ngodya zakunja n'kubweretsapo mitundu ina, kuti zipinda zina nazonso zilandire ufulu wonse. Koma sikuchitika ndi kusuntha kumodzi. Pamafunika kupatula kyubu, kusanjanso zigawo ndi kupotoza tizigawo tingapo motsatizana, ndipo munthu ali pakati pa ntchitoyo, chimene wagwira sichifanana ndi chilichonse cha pa sikirini. Chimafanana pokhapokha akamaliza.

Tinaphunzira masitepewo poonera mmene ena amachitira, koma kuwatsimikiza kunativuta. Pa kyubu yolongosoka zinkaoneka kuti zatheka, popeza mitundu yonse imakhala pamodzi ndipo ngodya zimaonetsa mitundu yatsopano. Ndinaumirira kuti tiyesenso pa kyubu yosokonezeka, chifukwa yolongosoka imabisa zolakwa zina, ndipo pamenepo mizere 4 mwa 16 inakana. Tinapeza kuti mmodzi wa ife ankazunguza gawo lina cha kumene sikuyenera pa sitepe yomaliza. Titakonza, tinayesa maulendo 10 pa kusokoneza kosiyanasiyana ndipo onse anagwirizana.

M'sabata yomweyi magetsi anazima tili pakati pa kuyerekeza, ndipo batire ya laputopu yanga, imene yakalamba, sinapirire ngakhale mphindi 5. Zonse zimene tinapotoza tsiku limenelo zinatayika. Tsopano timasunga fayilo tikangotha kupotoza kakhumi kalikonse, ndipo walembi amalembanso m'kope.

Ogasiti, sabata yachiwiri

Kyubu ya thabwa yalongosoledwa koyamba kuchokera pa kusokoneza kwathunthu. Anachita ndi ophunzira awiri mothandizana, kwa Loweruka atatu, ndipo wachitatu ankabwereza kupotoza kulikonse pakompyuta kuti pakhale umboni. Njira yawo inali yoyamba kubweretsa pinki ndi pepo pa ngodya zakunja, kenako kugawa pinki kumanzere ndi pepo kumanja, ndipo pomaliza kulongosola theka lililonse ngati kyubu ya 2×2×2 wamba. Gawo lomalizali silichitika mwachindunji, chifukwa nkhope ya theka limodzi singapotozedwe yokha. Amazunguza theka kuti nkhope yofunika iloze pakati, n'kupotoza tizipika 8 tapakati, ndipo theka linalo limapotozeka nawo, kotero ayenera kuwerenga kuti pamapeto libwerere m'malo. Njira imeneyi anthu a masewerawa amaitcha RKT.

Tinakumana ndi zinthu ziwiri zimene pa kyubu wamba sizichitika. Choyamba, anafika poti zonse zalongosoka koma gawo limodzi la tizipika tinayi latsala litazungulira madigiri 180, ndipo anayesedwa kwambiri kuti angolipotoza ndi dzanja. Sanatero, ndipo ndinanyadira. Anapeza njira yake pogwiritsa ntchito mfundo imene tinaphunzira mu Epulo podikira maginito, yakuti uchite kupotoza A, uchite kupotoza B, ubweze A, ubweze B, imene imasuntha tizidutswa tochepa n'kusiya tina tonse. Chachiwiri, poyeserera tsiku lina kachipika kamodzi kokha kanatsala pamalo pake koma mitundu yake itasinthana iwiriiwiri. Ine ndinaganiza kuti wina wapotoza molakwa, chifukwa pa kyubu wamba ngodya imodzi singatembenuke yokha, koma pulogalamu inaonetsa chimodzimodzi. M'miyeso inayi zimenezi n'zololedwa, ndipo kachidutswa komaliza kangathe kukhala m'njira zinayi mwa 12 zija. Ndinapepesa kwa mnyamata amene ndinamukayikira.

Ogasiti, sabata yachinayi

Pomwe tafika ndi apa. Ophunzira 4 mwa 7 akutha kulongosola ya thabwa, koma mmodzi yekha ndiye walongosola 2×2×2×2 pakompyuta popanda kuyang'ana thabwa, zimene zikundiuza kuti kuwoloka kuchoka ku chimodzi kupita ku chinzake sikunakhazikike. Mwezi wamawa tisinthanitsa ntchito, kuti wapakompyuta ndiye aziyamba kupotoza ndipo wathabwa azifufuza chofanana nacho, kuphatikizapo madigiri 90 a chipinda chapamwamba, amene pa thabwa amafuna gyro poyamba ndi pomaliza.

Penti ya pa ngodya yayamba kusupuka ndipo maginito 3 atuluka m'mabowo, choncho Lachisanu ndipita kwa mmisiri kuti akaone ngati vanishi wopyapyala angateteze popanda kufooketsa kukoka kwa maginito. Ana akufunsa za 3×3×3×3 yogwirika, imene Grant Staten anaipanga mu 2022. Ndawayankha kuti chaka chino ayi, chifukwa tilibe maginito okwanira ndipo sitinailongosole ngakhale pakompyuta. Mtsikana wa kalasi ya 11 uja wayamba kale pa laputopu, ndipo wafika pa tizidutswa 13 mwa 24 ta mitundu iwiri. Fayilo yake taisunga pa fulashi ziwiri, ndipo Loweruka likubwerali apitiriza kuyambira pa kachidutswa ka 14.